Matayala a m'matope pa kwadi yanga: ndikwere pa 28 kapena ndikhale pomwepa?

Mlimi_wa_Dambo
Akuluakulu, ndigaireniko nzeru. Ndili ndi kwadi (njinga yamoto ya mawilo anayi) ya 450cc, ya 4x4, yoyendera lamba. Matayala ndi omwe inabwera nawo: 25x8-12 kutsogolo, 25x10-12 kumbuyo. Kukakhala kouma sindidandaula nayo. Vuto ndi lakuti njira ya kumunda imadutsa padambo la makande, ndipo mvula ikangogwa kawiri katatu thope lake limamata ngati ulimbo. Dzulo ndinatitimira pakati penipeni ndili ndi ngolo kumbuyo. Nditatsika kuti ndione, matayala onse anayi anali atadzaza thope mpaka mano osaoneka, osalala see, akungozungulira pamalo amodzi. Ndinachita kutsitsa katundu yense ndi kuyala nthambi pansi kuti ndituluke. Mnzanga wina akuti ndigule a 28 a mano aatali mainchesi awiri, nkhani ithere pomwepo. Mtima ukufuna, koma ndikuopa kupha makina omwe ndimadalira. Amene munayesapo, mundiuze zoona.

Chithaphwi28
Gulani 28 achimwene, musamvere zokuopsezani. Ine ndinaika chaka chatha. Pomwe anzanga amakokedwa ndi chingwe, ine ndimangodutsa.

SpanalaTeni
@Chithaphwi28 yanuyo ndi ya ma cc angati? Muwauze kaye zimenezo.

Chithaphwi28
850.

SpanalaTeni
Nkhani yagona pamenepo. Injini yanu ndi pafupifupi kawiri ya bambowa.

A Mlimi, tiyambe ndi manambala. Pa 25x8-12, yoyambayo ndi kutalika kwa tayala lonse m'mainchesi, yachiwiri ndi kufutukuka kwake, yachitatu ndi kukula kwa limu. Kuchoka pa 25 kufika pa 28 ndiye kuti tayala lakula ndi 12 pa 100 aliwonse. Kwa injini zili ngati mukunyamuka pa giya yokwererapo nthawi zonse: liwiro la pamwamba likhoza kuwonjezeka pang'ono, koma mphamvu yokokera yatsika, ndipo inu chomwe mukufuna padambopo ndi mphamvu yokokera. Chomwe mwapindula n'chiyani? Mimba ya kwadi yakwera ndi inchi imodzi ndi theka basi, chifukwa theka la kukulako lili pamwamba pa ekiselo, silikuthandizani kanthu.

Ndiye pali kulemera. Tayala la mano aatali ndi labala wambiri, ndipo labalayo ali kunja kwenikweni, komwe kumavuta kuzunguza. Thope likamata pamwamba pake limalemera kuposa pamenepo. Woyamba kulira ndi lamba: amayamba kuterera pa klatchi, mumamva fungo la labala wopsa, kenako ponyamuka kwadi imachita ngati ikudumphadumpha chifukwa lamba wapsa malo amodzi. Wachiwiri ndi ekiselo. Tayala likuzungulira mothamanga m'thope, mwadzidzidzi dzino lagwira muzu kapena mwala, tayala laima koma injini ikadakankhabe. Pamenepo chimathyoka ndi jointi ya CV, yomwe imalola ekiselo kupindika ikuzunguza wilo. Ndasinthira anthu ma ekiselo ambiri, ndipo ndikaona matayala ake ndisanafunse n'komwe ndimakhala nditadziwa kale chomwe chachitika. Mabering'i a mawilo ndi timikono ta chiwongolero nazonso zimatha msanga.

Pa 450 yokoka ngolo, ine sindingapitirire 26.

Chithaphwi28
Koma pali ma clutch kit. Amaika masipuling'i ena, mphamvu imabwerera.

SpanalaTeni
Amathandiza lamba, eya, chifukwa amachititsa kuti makina akhalitse pa giya yotsika. Koma ekiselo saidziwa clutch kit. Imakhala yomweyo yopyapyala ija.

Mayi_aKwadi
Ndikuona ngati tonse tathamangira kutalika, pamene a Mlimi anena okha vuto lawo: matayala anadzaza thope mpaka kusalala. Sananene kuti mimba inakhala pansi. Zimenezi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mimba ikakhala pathope matayala n'kulendewera, pamenepo mukufunika kutalika. Koma ngati tayala likufika pansi koma silikugwira, vuto ndi kapangidwe ka mano.

Matayala obwera ndi kwadi mano ake amakhala aafupi ndiponso othithikana, kuti aziyenda bwino paliponse. Makande akalowa m'mipata ing'onoing'onoyo satulukamo. Tayala la m'matope mano ake amatalikirana, ndipo amakhala opendeka ngati chilembo cha V, moti likamazungulira thope limakankhidwira m'mbali n'kugwa lokha. Dzino lililonse likamabwereranso pansi limakhala loyera, lokonzeka kuluma. Ndiye mukapita kokagula musangoyeza kutalika kwa dzino. Lowetsani zala pakati pa mano muone mpata wake. Ine ndikalephera kulowetsa zala ziwiri momasuka, ndimadziwa kuti makande adzatseka pamenepo.

Yanga ndi 500, ndili pa 26 za mano a inchi imodzi ndi kapang'ono. Zaka zitatu tsopano, lamba ndi yemwe uja.

Mlimi_wa_Dambo
Mayi, mwandikumbutsa. Mimba sinagunde pansi ayi, ndinasuzumira ndipo panali mpata wolowa dzanja. Ndi mtundu wanji womwe muli nawo?

Mayi_aKwadi
ITP Mud Lite XL. A mtundu umenewu alipo angapo: AT mano ake ndi magawo atatu mwa anayi a inchi, XL amapitirira inchi pang'ono. Enanso omwe anthu amawakonda chifukwa chopepuka ndi Maxxis Zilla. Awo omwe akunena mnzanuwo, monga High Lifter Outlaw kapena Gorilla Silverback, ndi abwino ndithu pa ntchito yake, koma anapangidwira anthu olowa dala m'maenje a thope lofika m'chiuno ndi makina aakulu. Inu mukungofuna kuwoloka mukafike kumunda.

GiyaYotsika
Funso limodzi a Mlimi. Potitimirapo munali pa H (giya yokwera) kapena pa L (giya yotsika)?

Mlimi_wa_Dambo
Pa H. Ndimaganiza kuti ndikalowa ndi liwiro ndidutsa.

GiyaYotsika
Chonde zimenezo musiye lero lomwe, kaya mugula matayala kaya ayi. Kwadi ya lamba ikamakoka ngolo, ikamakwera chitunda pang'onopang'ono kapena ikalowa m'thope, ikani pa L musanalowe. Pa H ndi liwiro lochepa lamba amatentha kwambiri. 4x4 nayonso muziitchera muli pouma, osati matayala akumbuyo atayamba kale kupala. Ndipo mukaona kuti yaima, chotsani chala pa mafuta. Tayala la m'matope limakumba mofulumira kuposa la wamba: masekondi ochepa mukukakamira, lakukumbirani dzenje mpaka mimba pansi.

Nkhwangwa
Palibe yemwe wanenapo za kufutukuka. Ine ndimati tayala lopyapyala ndiye la thope. Limadula ngati mpeni, kutsika mpaka kukapeza nthaka yolimba pansi. Lotambalala limangoyandama pamwamba n'kumakankha phiri la thope kutsogolo kwake.

Chithaphwi28
Nanga pansi pakakhala palibe polimba? Lanu lopyapyalalo lidula mpaka kuti? Pathope lopanda pothera mukufunika lotambalala, liyandame, mano azipalasa ngati nkhafi.

Nkhwangwa
Malo otero ndi ochepa. Njira zambiri zomwe anthu amadutsa tsiku ndi tsiku zili ndi polimba pansi.

Chithaphwi28
Ochepa kwanuko mwina.

Mayi_aKwadi
Nonse mukunena zoona, kungoti aliyense akufotokoza thope lake. A Mlimi, tengani ndodo yowongoka mupite padambopo mvula itagwa. Zikani m'malo asanu kapena asanu ndi limodzi motsata njira yomwe mumadutsa. Ndodo ikamaima pa chikhatho chimodzi kapena ziwiri, pansi pali polimba, khalani ndi kufutukuka komwe muli nako, 8 kapena 9 kutsogolo ndi 10 kapena 11 kumbuyo. Ikamalowa mpaka m'chigongono osaima, ndiye ganizirani zotambalala, komanso ganizirani zosintha njira. Kutsogolo musatambalalitse kwambiri: chiwongolero chimalemera, makamaka ngati kwadi ilibe pawa sitiyaring'i, ndipo tayala likagunda chitsa zogwirira zimakukwapulani m'manja.

Kamwana_Katsopano
Pepani kulowerera akuluakulu, ndine watsopano. Ndinagula a m'matope mwezi watha koma sindikuona kusintha kwenikweni, mwinanso akudzaza thope kuposa akale aja. Pambali pa tayala pali kamuvi, pa mawilo a kumanzere kakuloza kutsogolo, a kumanja kakuloza kumbuyo. Ndi mmene zimakhalira?

SpanalaTeni
Ayi mphwanga, anakuikirani molakwika. Kamuviko kakusonyeza komwe tayala liyenera kuzungulira popita kutsogolo. Wokuikirani anaveka onse anayi mofanana pa malimu, osaganiza kuti awiri apita mbali ina. Imani kutsogolo kwa kwadi kapena yang'anani pamwamba pa tayala mutakhala pampando: nsonga ya V iziloza kutsogolo pa onse anayi. Likatembenuka, m'malo motaya thope kunja limalisonkhanitsira pakati. Kusinthanitsa mawilo sikuthetsa vutoli, chifukwa a kumanzerewo ali bwino kale. A kumanja awiriwo avulidwe pa limu, atembenuzidwe, avekedwenso.

Nkhwangwa
Alipo ena amatembenuza akutsogolo mwadala, akuti zimathandiza kubwerera m'mbuyo ukatitimira.

SpanalaTeni
Ndinawaonapo. Koma iwo amatembenuza onse awiri a kutsogolo, osati mbali imodzi. Za mphwangayu kwadi izikokera kumbali m'thope.

Kamwana_Katsopano
Ikukokeradi! Ndimayesa ndi chiwongolero chapindika. Mpweya ndinaika 20 psi onse, zili bwino?

GiyaYotsika
20?! Phwetsani msanga musanavulale. Matayala a kwadi amayenda ndi mpweya wochepa zedi, ambiri pakati pa 4 ndi 7 psi. Onani chomata chomwe chili pa kwadi yanuyo kapena buku lake. 5 psi ndi pafupifupi 0.35 bar. Pa 20 tayala limauma gwa, limagunda pansi ndi pakati pokha, ndipo kwadi imadumpha ngati mpira ikagunda kabampu. Nambala yaikulu yolembedwa pambali pa tayala nthawi zambiri ndi malire a mpweya pokhazika tayala pa limu, si yoyendera. Okuvekerani amapopa kwambiri kuti mlomo wa tayala ukhale, kenako amaiwala kuphwetsa.

Geji ya galimoto siwerenga bwino mpweya wochepa chonchi, singano yake imangogwedezeka pang'ono. Pezani geji ya kwadi, yothera pa 15 kapena 20 psi. Ndipo kumanzere ndi kumanja kuzikhala kofanana ndendende. Pa tayala lofewa chotere, kusiyana kwa 1 psi kumasintha kutalika kwake, kwadi n'kumakhotera mbali yofewayo.

Chithaphwi28
Ine m'thope ndimatsika mpaka 3.

GiyaYotsika
Muli ndi malimu a beadlock, opana mlomo wa tayala ndi mabawuti aja?

Chithaphwi28
Eya.

GiyaYotsika
N'chifukwa chake zikukuyenderani. Pa limu wamba mukatsitsa kwambiri, pokhota kapena pogunda mbali ya mzere tayala limavuka mlomo, mpweya wonse phwii nthawi imodzi. Zinandichitikira ndili kutali ndi msewu. Thope linalowa pakati pa limu ndi tayala, ndipo ngakhale nditalipopanso linkatuluka mpweya pang'onopang'ono mpaka nditalivula n'kutsuka. A Mlimi okoka ngolo asatsike pa zomwe analemba opanga kwadi.

Radiyeta_Yoyera
Poti mwatchula zotsuka. Matayala amenewa amaponya thope lambiri kuposa akale, ndipo lina limathera pa radiyeta. Likauma pamenepo mphepo sidutsa, fani imangolira osaleka, kenako nyali yotentha yayaka. Muzitsuka kuchokera kumbuyo kwa radiyeta ndi madzi opanda mphamvu kwambiri, chifukwa timapepala take timapindika msanga. Muunike ndi tochi mbali imodzi, kuwala kukaoneka mbali inayo ndiye kuti yayera.

Nkhwangwa
Mabuleki nawonso. Thope la mchenga limadya mapadi ngati sandipepala. Nyengo ya mvula ndimasuzumira mapadi mlungu uliwonse. Ndi timalabala totchinga majointi a CV tija: kakangong'ambika, thope limalowa, girisi amatuluka, jointi yatha.

Radiyeta_Yoyera
Inu mumagwiritsa girisi wanji pa mabushi?

Nkhwangwa
Wosalowa madzi, wa maboti uja. Wamba amasungunuka ukawoloka madzi kangapo.

Mlimi_wa_Dambo
Zonsezi ndikulemba abale. Koma tibwerere ku matayala pang'ono. Ndalama zikachepa, ndingagule awiri akumbuyo okha a 26, kutsogolo n'kusiya 25 akalewa?

SpanalaTeni
Pa 4x4 musatero. Kwadi yanu inabwera ndi matayala ofanana kutalika kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo magiya ake anawerengera zimenezo. Tayala la 25 likazungulira kamodzi limayenda mainchesi pafupifupi 78 ndi theka, la 26 pafupifupi 81 ndi theka. Mukatchera 4x4, akumbuyo akufuna kuthamanga kuposa akutsogolo, ndipo kulimbanako kumathera m'madifu, magiya ogawira mawilo mphamvu. M'thope loterera sizimveka kwambiri chifukwa matayala amatsetsereka, koma pouma zimakukuta zitsulo. Ngati simungathe anayi nthawi imodzi, gulani awiri a m'matope a 25 omwewo kumbuyo, kapena dikirani.

Chinanso, nambala yolembedwa pa tayala si nthawi zonse imafanana ndi tepi. A kampani ina olembedwa 26 amatha kukhala ofupikirapo, a ina otalikirapo. Ndiye musasakanize mitundu mongokhulupirira nambala. Akavekedwa ndi kupopedwa, zungulizani chingwe pakati pa tayala lililonse muyerekeze.

Mayi_aKwadi
Ndipo musanalipire, yezani mpata. Khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, wina akhale pa keriyala ya kutsogolo kuti mashoko atsike, muone kuti pakati pa tayala ndi madigadi, ndi popondera mapazi, patsala mpata wotani. Mano a m'mbali a tayala la m'matope amatulukira kunja kuposa mmene nambala ikunenera.

Kamwana_Katsopano
Mnzanga akugulitsa matayala ndi malimu ake omwe, anachotsa pa Polaris. Angalowe pa Yamaha?

SpanalaTeni
Matayala okha angalowe ngati limu yanu ili ya saizi yomweyo. Malimu ayi. Mabowo a mabawuti amasiyana: Polaris zambiri ndi 4/156, Yamaha za ntchito, Honda ndi Suzuki zambiri ndi 4/110, Can-Am ndi 4/137. Nambala yachiwiriyo ndi mamilimita a bwalo lomwe mabawuti anayiwo akhalapo. Palinso kuya kwa limu, zolembedwa ngati 5+2 kapena 4+3, zomwe zimanena kuti wilo lilowa mkati kapena lituluka kunja motani. Kwadi ya ekiselo imodzi yolimba kumbuyo kawirikawiri imafuna malimu akumbuyo osiyana ndi akutsogolo.

Phula_Ayi
Ine ndibwere ndi mbali yomwe simunaitchule. Ndinaika a mano aatali, ndipo m'thope ndinakondwa nawo. Koma ulendo wanga wambiri ndi wa panjira youma ya miyala. Ukamayenda pang'onopang'ono umamva dzino lililonse likugunda pansi, gu gu gu, mpaka manja kuchita dzanzi. Miyezi ingapo nsonga za mano zinali zitabulungika, ndipo dzino lobulungika siluma. Pa kapinga ndiye musayerekeze, ndikakhota pamatsala mabala. Pamchenga amakumba m'malo moyandama. A Mlimi, padambopo ndi gawo lanji la ulendo wanu wonse?

Mlimi_wa_Dambo
Laling'ono. Mwina mamita 200 pa ulendo wa makilomita anayi. Kwinako ndi njira ya dothi lolimba, pena miyala.

Phula_Ayi
Ndiye musagule tayala la mamita 200 okha n'kumavutika nalo makilomita otsalawo chaka chonse. Funani lomwe mano ake amakumana kapena kupiringizana pakati, kuti pouma likhale ndi poponda mosalekeza. Ine pano ndili ndi maseti awiri, ndimasintha mvula ikayamba.

Pa phula ndiye pewani ndithu. Kwadi sinapangidwire phula, zambiri zilibe difu kumbuyo, mawilo onse awiri amazungulira mofanana, ndipo pokhota pamalo ogwira kwambiri imafuna kunyamuka mbali imodzi. Mukaikweza ndi matayala aatali kugubuduka kumayandikira. Mnzathu wina anathyoka phewa pakona wamba, liwiro losachita kuthamanga. Chomwe chinamupulumutsa mutu ndi helemeti.

Chithaphwi28
Pamenepo sinditsutsa. Yanga nditaikweza ndinaonjezanso kutambalala kwa mawilo kuti ikhazikike, ndipo pokhota ndimachepetsa kwambiri. Sipidomita nayo imanama tsopano, imaonetsa liwiro lochepa kuposa lenileni.

Mlimi_wa_Dambo
Nanga za ply? Ndikuona 4, 6, 8. Njira yanga ili ndi zitsa ndi minga.

SpanalaTeni
Tengani 6. Nambalayo masiku ano ikungosonyeza kulimba, si kuti muli nsalu zisanu ndi imodzi zenizeni mkatimo. A 4 ndi opepuka koma chitsa chimawaboola msanga, a 8 ndi olimba koma olemera ndi ouma, oyenera makina aakulu onyamula katundu wambiri. Palinso radial ndi bias, mitundu iwiri ya kayalidwe ka nsalu za mkati mwa tayala. Radial amayenda mofewa pouma ndipo amatha mochedwa. Bias ndi omwe achuluka pa a m'matope, ndipo amakhala otsikirapo mtengo. Kwa inu onse awiri angagwire ntchito, ingoyang'anani kulemera kwa tayala limodzi musanasankhe, ogulitsa ambiri amalemba. Yendani ndi timapulagi tomatira ndi kapampu kam'manja. Bowo la munga pakati pa mano mumata pomwepo osachotsa wilo. Kung'ambika kwa m'mbali ndiye nkhani ina, pulagi sadalirika pamenepo.

Mlimi_wa_Dambo
Ndabweranso abale, papita milungu itatu. Ndodo ija ndinakazika: malo ambiri imaima pa chikhatho chimodzi ndi theka, kupatula pamalo amodzi pafupi ndi mfuleni pomwe inalowa mpaka m'chigongono. Pamenepo ndi pomwe ndinatitimira tsiku lija. Ndasuntha njira masitepe khumi kumtunda.

Ndinagula 26x9-12 kutsogolo ndi 26x10-12 kumbuyo, a 6 ply, mano opitirira inchi pang'ono. Poveka ndinaima pomwepo kuyang'ana timivi, ndipo ndinapeza atasiyamo 18 psi, ndinaphwetsa ndekha kufika pa 5. Dzulo kunagwa mvula usiku wonse. M'mawa ndinaika L ndi 4x4 ndisanafike padambo, ngolo yodzaza kumbuyo, mafuta pang'onopang'ono. Ndimaona zibuma za makande zikugwa m'mbali mwa matayala akutsogolo, mano akubwera oyera. Ndinawoloka osaima. Pouma akunjenjemera pang'ono ndikamanyamuka, liwiro likakwera zimatha.

Chimodzi chokha: ndikakhotetsa mpaka kumapeto kumanzere ndili ndi katundu kutsogolo, ndikumva kukhula kumanja.

Mayi_aKwadi
Yang'anani kumunsi kwa madigadi, chakumbuyo kwa tayala pafupi ndi popondera. Pomwe pakukhulapo paoneka poyera. Ngati ndi pulasitiki yokha, itenthetseni pang'ono ndi mpweya wotentha muikankhire mkati, kapena chekani kachidutswa kakang'ono. Ngati mashoko anu ali ndi pokwezera sipuling'i, kwezani sitepe imodzi mbali zonse ziwiri.

SpanalaTeni
Muonetsetse kuti si paipi ya buleki yomwe ikukhulidwayo. Ndipo manati a mawilo muwamangenso, amakonda kumasuka pa maulendo oyamba wilo likangobwezedwa.

Kamwana_Katsopano
Anga aja anawatembenuza, mpweya uli pa 5. Yasiya kukokera kumbali.